Zingwe Zofiira za Amparo

"Zimenezo sizilowa m'bokosi muno," anatero Herlinda.

Eusebio anali atangotulukira pakhomo la chipinda chochezera, nsapato za mkazi wake zili m'manja. Anazigwira pamodzi ndi zala ziwiri, monga ankazigwirira m'mawa uliwonse pozitulutsa kunsi kwa bedi. Zinali zansalu yakuda, zazitali zofika pamwamba pa akakolo, labala woyera kutsogolo, zingwe zofiira.

"Mwandimva kodi, alamu?"

"Ndamva."

"Nanga mwaimiranji nazo pamenepo?"

Bokosi la maliro la mkazi wakeyo, Amparo, linali pakati pa chipindacho, pamwamba pa mtanda wa laimu umene amayi oyandikana nawo nyumba anaulemba pasimenti dzulo lake. Kunsi kwake kunali mbale ya anyezi wonyikidwa m'viniga. Anthu amene anachezera pamaliro anali atapita kukasamba, ndipo pamipando yobwereka panangotsala makapu a khofi wozizira ndi nyenyeswa za buledi. Amuna a kampani ya maliro anali atanena kuti abwera dzuwa likafika pamutu kudzatseka bokosi. Amparo anali atavekedwa zonse: diresi yake yakuda, ndolo zasiliva, korona m'manja. Kumapazi kokha n'kumene kunali masokosi oyera basi.

Herlinda, mkulu wake wa malemuyo, anafika pa basi ya m'mawa kuchokera kumapiri a ku Oaxaca. Sanavule n'komwe nsalu yake ya m'mapewa. Analira pang'ono kumutu kwa mng'ono wake, n'kupukuta maso, kenaka n'kupita kumiyendo kukavundukula. Tsopano anamasula thumba lake n'kutulutsa nkhwayira ziwiri za mlaza, zopepuka ngati tsamba, zonunkhira kumudzi.

"Ndalukira m'basi," anatero. "Amayi athu anapita ndi zotere. Abambo athu chimodzimodzi. Wakufa amayenda mtunda wautali, alamu, njira yake ndi ya miyala, ndipo kumapeto kuli mtsinje woti awoloke. Labala amalemera. Komanso mfundo pathupi la wakufa sitimanga. Mukufuna azingozungulira m'nyumba muno atamangika miyendo?"

"Amparo sankavala nkhwayira."

"Anakulira m'nkhwayira."

"Anazivula akadali mtsikana, ndipo sanazivalenso."

"Ndi zimene anakuuzani? Sanakuuzeni kuti anazisiya pakhomo pamodzi ndi makolo ake, ine n'kutola zonse?"

Eusebio anali mphunzitsi wopuma ntchito, munthu amene ana a sukulu ankamuopa chifukwa choti sanakwezepo mawu. Anaika nsapato zija pampando mosamala, mphuno zake zitalunjika kubokosi.

Citlali, mwana wawo mmodzi yekhayo, anatuluka m'khitchini atanyamula katoni. Anali mzimayi wamkulu kale, wogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, ndipo chimwalirireni mayi ake kuchipatala anali asanalankhule ndi bambo ake mawu opitirira "khofi ali apo." Anaika katoniyo pampando woyandikana ndi nsapato zija n'kuitsegula. Munali nsapato zotuwa, zotakata kutsogolo, zofewa ngati pilo, zongomata popanda zingwe. Mapepala a m'sitolo anali akadali mkati mwake.

"Avala izi," anatero.

"Iwenso?" anatero Herlinda.

"Mayi anga ananena okha, amayi aakulu. Ine ndinalipo, bambo analipo."

Eusebio ankalikumbukira tsikulo. Dokotala atanena kuti shuga wayamba kupha mitsempha ya kumapazi, ndi kuti kachilonda kakang'ono kakhoza kutenga mwendo wonse, Citlali anakagula nsapato zotuwazo. Amparo anazivala n'kuyenda nazo mpaka pagalasi la pawadiropu. Anadziyang'ana uku, n'kudziyang'ana uko. "Ee, n'zofewadi mwanawe," anatero. "Ngati ndalowetsa phazi m'buledi. Udzandiveke ndikadzafa, pamenepo sindidzadziona." Anazivula, n'kuzibwezera m'katoni, mapepala ake ommo.

"Ankacheza," anatero Eusebio.

"Mwadziwa bwanji? Inu nthabwala munayamba liti kuzimva?"

Zoti nsapato zansaluzo zinkamupweteka Amparo, panalibe amene sankadziwa. Pansi pake n'popyapyala, pathyathyathya ngati thabwa, moti munthu amamva kamwala kalikonse. Kutsogolo n'kopanikiza. Iye ankaima nazo tsiku lonse pamalo ake ofinyirapo malalanje pasiteji ya mabasi, ndipo madzulo ankanyika mapazi m'beseni la madzi amchere uku akutukwana malalanje, mabasi, ndi munthu amene anayambitsa simenti. Koma mapazi ali m'beseni choncho, m'manja munkakhala nsapato ndi mswachi wakale, akukwecha labala wa kutsogolo kuti ayere. Zikang'ambika ankagula zina zofanana nazo ndendende, n'kusamutsirako zingwe zofiira.

"Phazi likapuma limapola," ankatero. "Koma munthu akakuona utavala zonyansa, wakuona basi."

Herlinda ananyamula nsapato imodzi ndi nsonga za zala, ngati khoswe wakufa.

"Taonani. Za anyamata osuta chamba pangodya. Mzimayi wa imvi, mwana wa anthu, n'kumayenda m'tauni ngati woimba magitala. Amayi athu akamulandira bwanji atavala chonchi? Akamuzindikira?"

"Akamuzindikira pakamwa," anatero Eusebio.

Ananena motsitsa, osaseka, koma Herlinda anaponya nsapatoyo pampando.

"Mukuchita nthabwala? Nsapato zimenezi zamudya mng'ono wanga kuyambira kuchala mpaka kumtima, inu n'kumachita nthabwala pamaso pake?"

"Si nsapato zinamucheka."

"Nanga n'chiyani?"

"Botolo."

Onse awiri anamuyang'ana. Izi anali asanauzepo munthu, ngakhale adokotala.

Tauni yawo ya Neza inamangidwa pamene panauma nyanja, ndipo mvula ikagwa madzi amabwerera kwawo. Eusebio anamuona koyamba Amparo pa tsiku lotero, kalelo misewu isanaikidwe phula. Iye anali mphunzitsi watsopano, ataima panjerwa pakati pa matope, akuteteza nsapato zake zopolisha, osadziwa kuti apite kutsogolo kapena abwerere. Mtsikana wina anamudutsa akuyenda m'madzi ofika m'mawondo, siketi atakwinya, tsitsi litaima ngati la nungu. Ankapita kudansi ya magitala, ija inkachitikira m'mabwalo opanda denga. Nsapato zake zakuda anali atazilumikiza zingwe n'kuzikoleka m'khosi, imodzi ikulendewera mbali iyi ya chifuwa, ina mbali iyo, zouma, zoyera kumphuno. Anacheuka n'kumufunsa kuti, "Aphunzitsi, mudikira mpaka aphwe?"

Amparo sanasinthe. Chaka chino mvula yoyamba itatseka ngalande, awiriwo akuchokera kumsika, Amparo anaima pakhonde la sitolo ina, n'kuvula, n'kukoleka nsapato m'khosi. Eusebio anali atagwira ambulera. Anamuuza kuti adokotala analetsa kuyenda opanda nsapato. Ananena kamodzi. Amparo anamuyankha kuti, "Iwe Chebo, adokotalawo ndi amene adzandichapire?" n'kulowa m'madzi. Pakati pamsewu anaima pang'ono, n'kunena kuti waponda kanthu, koma sizikupweteka.

"Zinali m'khosi," anamaliza choncho Eusebio. "Akanakhala kuti anazivala, bwenzi botolo lisanamufike."

Citlali anaseka kaseko kopanda chimwemwe.

"Ndiye mwaziyeretsa pamenepo? Anavula kuti zisade, bambo. Kuvala zimawapha, kuvula zawapha. N'chimodzimodzi."

"Ndipo inu munalipo," anatero Herlinda. Anasendera pafupi. Anali wamfupi, mutu wake unkalekeza pachifuwa cha Eusebio, koma ndi Eusebio amene anabwerera m'mbuyo. "Munagwira ambulera. Mutu usanyowe, eti? Aphunzitsi! Ndamva kuti m'mawa uliwonse mumagwada n'kumumanga nsapato. Anthu a kuno akukutamani, akuti mwamuna wabwino. Ndiye tandiuzeni: munthu wogwada pamapazi a mkazi wake tsiku ndi tsiku, chilonda sanachione bwanji?"

"Ankavaliratu masokosi."

"Masokosi. Nanga mphuno munalibe?"

"Amayi aakulu," anatero Citlali.

"Ndisiye ndifunse. Ine wosaphunzira ndikufuna kudziwa. Phazi likuola m'manja mwanu, inu n'kumakoka zingwe, n'kumanga kamfundo kokongola. Simunafunse?"

Eusebio anayang'ana makandulo. Anafunsapo. Tsiku lina anaona kuti phazi lamanzere likuvuta kulowa, ndipo anati, "Latupa." Amparo anati, "Masula pang'ono zingwe." Iye anamasula. Funso lake linathera pomwepo. Pamene Citlali anadzaona mayi ake akutsimphina n'kuwavula sokosi mokakamiza, zala ziwiri zinali zitada kale. Kuchipatala anadula zalazo, koma magazi anali atatenga poizoni.

Panja galimoto yogulitsa gasi inadutsa ikuliza kanyimbo kake. Mayi wina woyandikana nawo anasuzumira pakhomo atanyamula maluwa, n'kuona nkhope zawo, n'kuika maluwawo pansi mwakachetechete n'kubwerera.

"Alamu," anatero Eusebio pomaliza, "mwayenda ulendo wautali, ndipo ntchito ya manja anu ndaiona. Koma mkazi wanga ndakhala naye ine. Ndikudziwa zimene akanafuna."

"Mwakhala naye inu. Ine ndinamubereka kumsana. Amayi akudwala, ine ndinkawatembenuza pamphasa, iye ali kuno akudumphadumpha ku magitala. Pamaliro awo anafika mochedwa, atavala zomwezi, anthu onse m'mudzi n'kumayang'ana kumapazi kwake m'malo moyang'ana kumanda. Ndinakhala chete. Munamutenga wamoyo, sindinalankhule. Lero ndabwera kudzatenga mapazi okha. Mapazi okha, alamu! Akafike kwa amayi ake ngati mwana wa kwathu."

"Sindinamutenge. Anabwera yekha."

"Ndiye munamusunga bwanji?"

Eusebio anatenga nsapato zija n'kupita nazo kumiyendo ya bokosi.

"Msana wake unauma kalekale," anatero, osayang'ana munthu. "Sankatha kuwerama. Nsapato zotere zili ndi timabowo tambiri, zimafuna wina. Ndamuveka m'mawa uliwonse kwa zaka zonsezi. Ndimuvekanso lero. Mfundo ndikhoza kusiya, ngati ndi mfundo yavuta."

"Ankatha," anatero Citlali.

"Chiyani?"

"Kuwerama. Ankatha."

Eusebio anatembenuka.

"Mukukumbuka mutagonekedwa m'chipatala chifukwa cha ng'ala? Ine ndinkagona muno. M'mawa ndinabwera kuti ndiwathandize, n'kuwapeza atakweza phazi pampando, akumanga okha. Msanga kuposa inu. Akuimba."

"Mwina tsiku limenelo msana..."

"Masiku onse, bambo. Ndinawafunsa. Ndinati, nanga bwanji mumawavutitsa bambo? Bwanji osangovala zomata zija ndinakugulirani, phazi lipume? Mukufuna kumva zimene anayankha?"

Sanafune. Koma Citlali anali atasunga mawuwo nthawi yaitali, ndipo anatuluka osalala ngati mwala wa mumtsinje.

"Anati, 'Bambo ako si munthu wogwira anthu. Mumsewu sagwira dzanja. Pabedi amagona ngati akuopa kudzutsa khoma. Koma ukamupatsa ntchito, amagwira. Ndiye ndinamupatsa ntchito. Tsono iwe ukufuna undigulire zomata kuti ndizingoti phwa, phwa, ndatha? Amene azindigwira akakolo ndani, iweyo?' Anaseka, inenso ndinaseka. Pano sindikuseka."

Herlinda anadziguguda pachifuwa n'kuchita chizindikiro cha mtanda.

"Mwamva?" anatero motsitsa, ngati munthu amene wapatsidwa mpeni woposa umene anapempha. "Mwamva, aphunzitsi?"

"Musaloze chala bambo okha," anatero Citlali, osamuyang'ana. "Amayi ankazikonda nsapatozo. Akanakwatiwa ndi mwamuna wowanyamula pamsana akanazivalabe. Koma mwina akanavula Lamlungu."

Eusebio anaima pomwepo. Zimene zinamubwerera si mawu koma kulemera kwa chidendene m'chikhatho chake, m'mawa uliwonse, Amparo atakhala m'mphepete mwa bedi akupesa tsitsi, dzanja lina litatsamira pamutu pake ngati akufuna pogwira. Ankadandaula nthawi zonse. "Wathinitsa, Chebo. Ayi, tsopano wamasula kwambiri. Yambiranso." Iye ankayambiranso, akuganiza kuti mkaziyu savuta kusangalatsa pa zonse kupatula zingwe.

Anakoka zingwe za nsapato yamanzere, n'kuzimasula kabowo ndi kabowo mpaka pansi, n'kukankhira lilime lake kutsogolo.

"Mukuchitabe?" anatero Herlinda. "Zonsezi mwamvazi?"

Eusebio anagwira phazi la mkazi wake. Linali lozizira ndi lolemera, lolunjika kutsogolo ngati la munthu wonyang'ama, ndipo pansi pa sokosi panali mabandeji okhuthala. Analowetsa nsonga yake m'nsapato. Inalowa pang'ono n'kuima. Anayesa kupinda kakolo monga ankachitira, koma kakoloyo sanamvere. Anatulutsa, n'kutambasula nsaluyo ndi zala, n'kuyesanso. Bokosi linagwedezeka pamiyendo yake, ndipo moto wa makandulo unapendama.

"Mumuthyola!" anakuwa Herlinda.

"Bambo, siyani."

Anayesa kachitatu, thukuta likutsikira m'kolala. Nsapato imene inkamudziwa munthu wake kwa zaka zambiri tsopano inamukana.

Ndi mmene amuna awiri a kampani ya maliro anawapezera. Anaima pakhomo atavala malaya oyera, wina atanyamula kachikwama ka zipangizo. Wamkuluyo, bambo wa ndevu za pamlomo, anayang'ana kamodzi n'kudziwa zonse. Anali ataonapo zambiri zotere.

"Pepani bwana," anatero mwaulemu. "Zazitali chonchi sizilowa. Ife timangodula kumbuyo ndi sizasi, kuyambira pamwamba mpaka kuchidendene, n'kungovundikira paphazi. Kutsogolo zimaoneka bwinobwino, palibe amadziwa."

Anali atatsegula kale kachikwama kake.

"Dulani!" anatero Herlinda. "Dulani, aphunzitsi, muone kukongola. Apite ndi nsapato zong'ambika, zizikupiza m'njira ngati mapiko a nkhuku."

Bamboyo anatambasula sizasi, chogwirira chili kwa Eusebio. Eusebio anayang'ana sizasiyo, n'kuyang'ana kumbuyo kwa nsapato, pamene Amparo anasokapo yekha ndi ulusi wakuda, timisoko tating'ono tofanana, kuti pasaoneke kuti panayamba kutha.

"Ayi," anatero. "Tipatseniko kanthawi."

Amuna aja anatuluka kukasuta fodya pakhonde.

Kenaka Citlali anakankhira katoni yake kutsogolo ndi bondo, koma mopanda mphamvu. Nsapato zotuwazo zikanalowa, aliyense ankaona. Zinapangidwira mapazi otupa. Eusebio anapukusa mutu.

"Wanena wekha chifukwa chake ankazikana."

"Ndiye chifukwa chake ndi inu."

"Inde."

Citlali anatseka katoniyo n'kuikhalira pamwamba mpaka inaphwanyika m'mbali.

Eusebio anatambasulira dzanja kwa mlamu wake.

"Bweretsani."

Herlinda anakumbatira nkhwayira zija pachifuwa.

"Ndimuveka ndekha. Manja anu achita zokwanira."

"Bweretsani, alamu. Mapazi awa ndimaveka ndine."

Anayang'anizana. Mwina Herlinda anaona kuti wapambana, ndi kuti wopambana akhoza kutaya kanyenyeswa. Anapereka, koma sanachoke pambali pake.

"Masokosi achoke," anatero. "Nkhwayira sitivala ndi masokosi ngati mlendo."

Eusebio anavula sokosi lakumanja. Phazi linali monga ankalidziwira podutsa m'nsalu, koma anali asanaliyang'ane poyera kwa nthawi yaitali. Chala chachikulu chinali chitapindikira kwa zinzake. Pa kachala kakang'ono panali chikanga cholimba, ndipo kumbuyo kwa chidendene khungu linali lakuda ndi lokhuthala, pamene nsalu inkakhula. Zikhadabo zinali zopakidwa utoto wofiira, wofanana ndi zingwe, utayamba kusendeka m'mphepete. Sankadziwa kuti mkazi wake ankapaka zikhadabo za kumapazi. Ankapakira ndani, poti zinkakhala m'masokosi?

Anavula lamanzere. Kuchipatala, anamwino akamatsuka chilondacho, iye ankaima pawindo n'kumawerenga zikwangwani za mumsewu. Tsopano anayang'ana. Mabandeji anali oyera, omangidwa bwino, ndipo pamene panayenera kutumphuka zala ziwiri panali posalala. Anaika chikhatho chake pamenepo n'kuchisiya.

Nkhwayira zinalowa mosavuta. Herlinda anali ataluka mwaluso, kalamba wake wongolowetsa, wopanda pomanga. Anawerama n'kuzikonza pang'ono, ngakhale zinali zitakhala kale bwino.

"Eya," anatero. "Tsopano ayenda."

Anatola nsapato yakuda imene inali pansi, n'kuipereka kwa Citlali.

"Izi ukataye kutali. Zisagone m'nyumba muno."

"Ndikaziponya m'ngalande momwe zinachokera."

"Ndipatse," anatero Eusebio.

"Bambo, nkhani yatha."

"Ndipatse, Citlali."

Panali kanthu m'mawu ake kamene mwanayo anakamva komaliza ali wamng'ono. Anapereka. Eusebio anakhala pampando n'kuyamba kulowetsanso zingwe m'timabowo, mopingasa, monga Amparo ankafunira, n'kusiya timabowo tiwiri ta pamwamba. Anachita chimodzimodzi ndi inzake. Zingwe zotsala zinali zazitali, zikulendewera mpaka pansi. Anaimirira n'kupita kumutu kwa bokosi.

Herlinda anamutsekera njira.

"Ndanena kuti sizilowa."

"Mwanena kuti kumapazi. Mapazi mwatenga."

"Labala amalemera."

"Sanadandaulepo. Mwati kumapeto kwa njira kuli mtsinje?"

"Ulipo."

"Ndiye mng'ono wanu simumudziwa. Pamadzi savala nsapato."

Anamulambalala. Anagoneka nsapato imodzi mbali iyi ya chifuwa cha Amparo, ina mbali iyo, mphuno zoyera zitaloza kumiyendo. Kenaka analowetsa dzanja kunsi kwa khosi lake. Anayenera kuwerama kwambiri, mpaka tsaya lake linakhudza tsitsi la mkazi wake, ndipo anakhala choncho nthawi yotalikirapo kuposa imene ntchitoyo inkafuna. Anadutsitsa zingwe za kumanja kuti zitulukire kumanzere, za kumanzere zitulukire kumanja.

"Mfundo ayi," anatero Herlinda kumbuyo kwake. Mawu ake anali atachepa. "Ndakuuzani, alamu. Mukamanga ndidula ndi mano."

"Sindimanga."

Anakokera nsonga za zingwezo kutsogolo, n'kuzitsitsa pachifuwa, n'kuzilowetsa pakati pa zala za Amparo, pansi pa korona. Herlinda anabwera n'kuyendetsa chala chake m'zingwemo, kuyambira pansapato mpaka kukhosi, kufunafuna mfundo. Sanaipeze. Anapukuta chalacho pansalu yake n'kupita kukaima pawindo.

"Kumudzi ndikanena kuti anapita ndi nkhwayira," anatero, akuyang'ana kunja. "Zinazo sindinaone. Ndipo masiku a mapemphero akatha, muno simudzandionanso."

"Chabwino, alamu."

Citlali anali ataimirira. Anayang'ana mayi ake nthawi yaitali, nkhwayira kumapazi, nsapato m'khosi. Kenaka anatambasula dzanja n'kupindira kunja lilime la nsapato imodzi, n'kupindanso la inzake, monga mwini wake ankachitira akafuna kuti anthu pasiteji amuone.

"Musaganize kuti ndaiwala," anauza bambo ake.

"Sindikuganiza choncho."

Amuna aja analowa, akununkha fodya, n'kunyamula chivundikiro chimene chinatsamira kukhoma. Wa ndevu uja anasuzumira m'bokosi n'kukweza nsidze.

"Zikhale choncho, bwana? Osamanga?"

Eusebio anaona kadontho ka phula la kandulo pa labala woyera wa nsapato yakumanzere. Anakakanda ndi chikhadabo, n'kunyowetsa chala chachikulu ndi malovu, n'kupukuta mpaka panayera.

"Akawoloka akamanga yekha," anatero. "Amatha."